Felismina Anabadwa Liti?

M'Cuamba monse, chaka cha 2007 chija, munalibe mtsikana woyenda modzimva ngati Felismina Samsoni. Musamunene, anali nacho chifukwa. Anakulira m'kampu ya othawa nkhondo tsidya la Malawi, n'kubwerera kwawo atasenza kathumba ka ziwiya. Tsopano ndi iyeyo amene analemba pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo mibadwo ya anthu ku bungwe la mabanja obwerera. Anthu ankachokera ku Etatara, ku Ngauma, ku Mandimba, kudzanena kuti uyu anabereka uyu, uyu anafera panjira, uyu sitikudziwa komwe ali.

Chimene chinkamutukumula kwambiri inali nkhani ya masiku. Pulogalamu yoyamba, yobwera ndi akatswiri akutali, inkafuna tsiku, mwezi ndi chaka, apo ayi siilandira. Nanga munthu wobadwira kumunda tsiku alitenga kuti? Olemba ankangoikapo 1 Januwale, monga ankachitira alembi a kukampu, mpaka theka la anthu linaoneka lobadwa pa Chaka Chatsopano, ndipo mayi wina anapezeka wamng'ono kwa mwana wake womubereka yekha. Felismina anaikankhira pambali n'kulemba yake. M'yakeyo tsiku lililonse linali ndi malire awiri, poyambira ndi polekezera. Munthu akati “cha m'ma 1970”, kapena “nkhondo isanafike kwathu”, makinawo ankalandira, n'kusunganso dzina la amene wanena. Ikabwera mboni ina, malire aja ankafupika.

“Chimene sitikudziwa, tizilemba kuti sitikudziwa,” ankatero Felismina, chibwano chili m'mwamba.

Ndi pa ofesi yomweyo pamene anakumana ndi Nordino, mnyamata wa ku Mandimba wonyamula nsomba zouma pa kagalimoto kake kotsegula kumbuyo. Anabwera ndi mayi ake kudzalembetsa mbumba yawo, ndipo anaiwala dala dzina la azakhali ake katatu konse kuti azibweranso. Patatha chaka, nkhani ya ukwati inali itafika kale kwa amalume a mbali zonse. Kuti iye ndi Msilamu, mtsikana Mkhristu, zimenezo akuluakulu anali atazikambirana n'kuzimaliza.

*

Lachitatu lina masana Nordino anafika pa ofesi osaliza huta monga mwa nthawi zonse. Anaitanira Felismina pansi pa mtengo wa mango woyang'anana ndi njanji, nkhope ili ndwii.

“Wagunda mbuzi ya munthu kodi?” anamuseka Felismina.

“Amayi akuti sindingakukwatire.”

“Ati bwanji?”

“Akuti ndiwe mlongo wanga.”

Felismina anaseka mpaka kugwira mtengo. Koma ataona kuti mnzake sakuseka, analeka.

Nordino anafotokoza akuyang'ana pansi. Pothawa nkhondo mu 1986, mayi ake, a Zaituni, anali ndi khanda kumsana. Panjira anakumana ndi mayi wina wa ku Itepela, dzina lake Luciya, atadwala mpaka mkaka kuuma. A Zaituni anatenga mwana wa Luciyayo n'kumuyamwitsa masiku asanu ndi limodzi, kufikira anawoloka malire. Atafika anawagawa makampu osiyana, osaonananso.

“Luciya ndi malemu mayi anga,” anatero Felismina motsitsa mawu.

“Kwathu, mwana amene wayamwa bere la mayi ako ndi m'bale wako. Sungamukwatire.”

“Chaka chonsechi anali chete bwanji?”

“Sankadziwa kuti mwanayo ndiwe. Wina wawapititsira pepala la ku ofesi kwanu kuno. Makina ako omwewo ndi amene alumikiza mayina.”

Felismina sanafunse kuti wapititsa ndani. Ankamudziwa.

*

Kátia, mtsikana wolemba maumboni pa ofesiyo, anali akupaka zikhadabo pamene Felismina analowa. Kwawo kunali ku Mandimba, nyumba yoyandikana ndi ya a Zaituni, ndipo anayamba kumuponyera maso Nordino asanamere ndevu.

“Unatulutsa pepala la anthu popanda chilolezo,” anatero Felismina.

“Ndathandiza anthu kuti asachimwe. Ndinaba?” Kátia anauzira zala zake. “Si iwe umati choonadi chisabisike? Khadi lako la kukampu likuti 1 Januwale 1985. Unali kakhanda, unayamwa, basi.”

“1 Januwale si tsiku la kubadwa. Ndi ulesi wa mlembi.”

“Ukawauze a shehe zimenezo. Koma usadandaule, Nordino sasowa womuphikira.”

Dzanja la Felismina linayabwa, ndithu linayabwa. Koma sanafune kuti Cuamba imve zoti mtsikana wa makompyuta wamenyana chifukwa cha mwamuna. Anangotenga chikwama chake n'kutuluka.

*

Loweruka anakwera shapa, minibasi ya ku Mandimba, maola anayi a fumbi ndi mabampu. Bambo ake, a Samsoni, kalipentala wodziwika wa ku Mandimba konko, anali kutali kukhoma denga la sukulu yomangidwanso kumene foni sigwira, choncho anapita yekha kwa a Zaituni. Anapezako a shehe Chabane, munthu wamfupi wa mawu ofatsa, atakhala pamkeka.

Iye ankayembekezera mwano, koma a Zaituni anamugwira masaya ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu.

“Ndiwe kodi? Unali wopepuka ngati nsalu. Ndinkati sufika tsidya.” Anapukuta maso ndi kapulana, chitenje chimene anavala. “Sindikudana nawe, mwanangu. Ndikuopa Mulungu. Ndingaike bwanji ana anga awiri pamphasa imodzi?”

“Lamulo lili ndi malire ake,” anatero a shehe. “Ubale wa bere umagwira ngati mwana anayamwa asanakwanitse zaka ziwiri. Akapitirira pamenepo, ndi chifundo chabe chimene mayi anachita, si ubale. Tsono khadi ili likuti 1985, ndipo anthu awa anawoloka mvula ya 1986 isanagwe. Zaka ziwiri sizikwana.”

“Bambo shehe, ndiloleni ndifunse,” anatero Felismina atagwada. “Amayi, mwana munamuyamwitsayo anali wotani?”

“Iii, mano odzaza m'kamwa. Unandiluma mpaka magazi. Ndipo pakamwa osatseka: ‘ndifuna madzi, nditsitseni, ndiyenda ndekha.’ Matama unayamba kalekale.”

Nordino, amene anakhala pakhomo, analephera kudzigwira, anaseka.

“Makadi a kukampu ndawerenga oposa zikwi zitatu,” Felismina anapitiriza. “Mlembi ankayang'ana mwana wowonda ndi njala n'kungoganizira chaka. Khadi limeneli likungonena kuti ndinalipo tsiku limene analilemba. Silikunena tsiku limene ndinabadwa. Ndipatseni masiku, ndifufuze.”

A shehe anagwedeza mutu movomereza. “Wayankhula bwino. Lachisanu likubwerali, tikatuluka kumzikiti, tidzakhale pompano. Bambo ako adzakhalepo. Ubwere ndi umboni, osati maganizo. Ukasowa, nkhani yatha, ndipo mudzapatsana moni wa pachibale.”

*

Nordino anamuperekeza kokwerera shapa. Atapitirira msika, anamukokera kuseri kwa galimoto yake.

“Feli, tamvera. Makinawo ndi ako. Palibe wina amadziwa m'kati mwake. Ungolembamo 1983, utulutse pepala la chidindo. Anthu akuno pepala la pakompyuta salitsutsa.”

“Ukuti ndiname?”

“Si bodza kwenikweni. Wamva wekha za mano.”

“Mano si chaka, Nordino. Mabanja mazana asanu ndi atatu anandiuza za akufa awo chifukwa amadziwa kuti sindiwonjezera kanthu. Wina anapeza mlongo wake ku Etatara chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndikanama tsiku limodzi, ena onsewo akhulupirira chiyani?”

“Ndiye makina ukuwakonda kuposa ine.”

“Ndikufuna ndikalowe m'nyumba mwa mayi ako mutu uli m'mwamba. Osati tsiku lililonse kumaopa kuti Kátia atsegula pakamwa.”

“Nanga ukakapeza kuti ndi 1985 yomweyo?”

Funso limenelo Felismina anali akulithawa kuyambira Lachitatu.

“Ndidzalemba 1985,” anatero.

Nordino anamenya chitseko cha galimoto ndi chikhatho n'kumusiya pomwepo. Shapa isanafike n'komwe pakati pa ulendo, foni inalira. Uthenga unali wake: “Ndapsa mtima chifukwa ndikuopa. Usandiyankhe ngati sukufuna.” Felismina anauwerenga kasanu, osayankha. Koma mtima unali kumupweteka, ankamukonda mnyamata wa nsombayu mopanda manyazi.

*

Lachiwiri anali ku Itepela, mudzi umene anauchoka ali kumsana. Anthu anamulozera kwa mayi Verónica, amene ankabereketsa amayi nthawi imeneyo. Anawapeza akukumba chinangwa, ndudu yopichira ili pakamwa, ndipo sanasiye khasu chifukwa cha mlendo.

“Mwana wa Luciya? Taima ndikuone. Ee, mphumi ndi yomweyo. Ukufuna chiyani, munda? Minda anagawana kale.”

“Ndikufuna kudziwa kuti ndinabadwa liti, amayi.”

“Chaka? Ine za manambala ayi. Koma tsikulo sindingaliiwale, unandizunza. Ndinali ndi wanga wakhanda, Ricardo, asanathe ndi mwezi womwe. Thupi lonse likupweteka. Akubwera anthu, ‘Verónica, Luciya wayamba.’ Ndinati kodi mudzi wonsewu manja ali ndi ine ndekha? Ndinapita ndikukwawa. Iwe osafuna kutuluka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandiwotchera chimanga chachiwisi, ndicho chokha ndinadya.”

Felismina anasendera pafupi. “Ricardoyo ali ndi pepala lililonse?”

“La kukampu.”

Felismina anagwa mphwayi.

“Ndi lina la ubatizo,” anawonjezera mayi Verónica akutaya ndudu. “Anabadwa wofooka, ndiye akatekisi anamuthira madzi tsiku lachitatu, n'kulemba. Ndinathawa nalo m'chitini cha machesi. Mbale ndinasiya, pepala ndinatenga. Ndine wopusa kapena?”

Linali lachikasu, lothetheka m'mopindika, koma inki inkawerengeka: wobadwa pa 12 Febuluwale 1984. Felismina analijambula ndi foni, analikoperanso pamanja, kenako anawerengera mayi Verónica mawu awo onse kuti avomereze. Iwo anadinda chala, n'kumuuza kuti akadzakwatiwa asaiwale kuwatumizira kapulana, chifukwa mayi ake sanawathokoze mokwanira.

*

Lachinayi m'mawa Felismina anali woyamba kufika pa ofesi ku Cuamba. Anatsegula tsamba la dzina lake. Sanafufute khadi la kukampu, analisiya monga mboni yoyamba, yofooka. Pansi pake analemba mboni yachiwiri: pambuyo pa 12 Febuluwale 1984, mwezi usanathe. Tsiku lowolokera malire linalimo kale kuchokera kwa a Zaituni: pakati pa Seputembala ndi Novembala 1986.

Anauza makina kuti awerenge moipira iye, atenge tsiku lomalizira la kubadwa ndi tsiku loyambirira la ulendo. Yankho linabwera: zaka ziwiri ndi miyezi isanu, kuchepetsa kwake.

Anaimirira, anakhalanso, anaimiriranso. Anapambana popanda kunama ngakhale tsiku limodzi, ndipo ananyada mpaka misozi. Analembera Nordino: “Ndaupeza umboni weniweni. Sindine mlongo wako. Uza amayi.” Yankho silinachedwe: “Ndimadziwa ine. Mkazi wanga ndi shasha.”

Kenako anadina kuti zisungidwe.

Pulogalamuyo, isanasunge tsiku latsopano, inkayamba yaliyerekeza ndi masiku a abale onse. Mzere wofiira unatulukira pamwamba: tsikuli silikugwirizana ndi la bambo. Felismina anaganiza kuti walakwitsa polemba. Anatsegula tsamba la a Samsoni, limene munthu wina wa pa ofesi analemba zaka ziwiri zapitazo kuchokera pakamwa pa eni ake. Anatengedwa usilikali mvula ya 1982 itangoyamba. Anatumizidwa kummwera, osapatsidwa tchuthi. Anabwerera kumudzi kumapeto kwa 1984.

Anatambasula malire mbali zonse, monga ankachitira ndi a anthu ena. Anawonjezera miyezi uku, anachotsa uku. Mzere uja sunasunthe. Ndi iye yemwe anaupanga kuti usamasunthe.

Anatulutsa pepala limodzi, anazimitsa kompyuta Kátia asanafike, n'kuthamangira shapa.

*

Anafika ku Mandimba dzuwa likadali pamwamba. A Samsoni anali atabwerako ku ntchito ya denga ija, ndipo anawapeza kuseri kwa nyumba akupala thabwa la chitseko. Jekete lawo la kutchalitchi linali litayanikidwa pachingwe, lokonzekera mawa.

“Wafika, injiniya wanga,” anatero akumwetulira. Ndi mmene ankamutchulira kwa aliyense, ngakhale kwa anthu ongodutsa. “Ndamva zonse. Wadya?”

Felismina anagwada pafupi ndi benchi. “Bambo, munabwerako liti ku usilikali?”

Chopalira chinapita kutsogolo, chinabwerera, chinapitanso. Kenako chinaima.

“Wapita ku Itepela,” anatero.

“Ndinaonana ndi mayi Verónica.”

“Verónica pakamwa pake sipanatsekepo chibadwire.” Anachotsa tizipalo pathabwa ndi dzanja, pang'onopang'ono. “Ndinakupeza ukukwawa. Ndikulowa pabwalo ndi chikwama, iwe n'kubwera kudzandigwira chingwe cha nsapato. Mayi ako anaima pakhomo ngati munthu woyembekeza chikwanje. Zaka ziwiri analibe kalata yanga, anthu anamuuza kuti ndinafa. Ndinakunyamula. Sindinamufunse kanthu tsiku limenelo, sindinamufunse mpaka ndinamuika m'manda kukampu.”

“Ndiye khadi lija...”

“Si mlembi anaganizira. Anandifunsa chaka, ine ndinati 1985. Ndinanena ndekha, ndili maso, kuti pasadzapezeke munthu wowerenga miyezi pa zala n'kuloza Luciya.”

Felismina analira, osabisa. Ankawakonda bambowa kuposa kale lonse, ndipo ankachita nawo mantha.

“Bambo, pepala ili ndi lokhalo lingandipatse Nordino. Ndikalibisa, mawa ndikhala mlongo wake.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye ndichite chiyani?”

“Sindikulanda pepala lako. Ndinakuphunzitsa ndekha kuti ntchito yokhota sitipereka kwa mwini.” Anamuyang'ana m'maso. “Koma mawa a shehe akandifunsa ine monga bambo, ndidzati 1985. Luciya ndinamulonjeza ali pamphasa yomaliza. Anthu a ku Itepela ali mbwee m'Mandimba muno, ndipo amene tinapita nawo ku usilikali alipo. Ukangowerenga 1984, asanatuluke pabwalo adzakhala atawerengera kale. Ukaimirira ndi pepalalo, udziwe kuti ukuuza anthu kuti mayi ako anali wotani, ndi kuti ine ndakhala ndikunyadira mwana wa mwamuna wina.”

“Ndinu bambo anga.”

“Chimenecho ndikuchidziwa ine. Makina ako sakuchidziwa.”

Kumsewu kunamveka huta, katatu motsatizana, mwachisangalalo. Felismina anasuzumira pampanda. Kagalimoto ka nsomba kanali kataima pachipata. Nordino anatsika atavala malaya oyera, mano onse pamtunda, n'kuzungulira kukatsegulira mayi ake. A Zaituni anatsika atavala kapulana yatsopano, atanyamula nkhuku yamoyo m'manja, akuitana ali kutali: “Odi kuno! Ali kuti mpongozi wanga? Sindikanatha kudikira mawa, ndiwerengereni pepalalo lero lomwe.”

A Samsoni anaika chopalira pathabwa. Anatsitsa jekete pachingwe, analikutumula, analivala, n'kumanga mabatani onse atatu.

“Pukuta maso,” anatero. “Alendo ako afika. Kawalandire, mwana wanga.”